Mtsuko Umene Ndinasema Pamutu Pake

Mkazi wanga atamwalira, nthawi imene inkandilemera kwambiri inali masana a Lamulungu. Masiku ena onse ndinali ndi chochita. Fakitale ya nsalu imene ndinkagwirako inali itatsekedwa, monga zinatsekedwera zambiri mu Livingstone zaka zimenezo, ndipo ndinabwerera ku ntchito imene atate anandiphunzitsa ndili mwana, yosema ziboliboli. Ndinkachoka kwathu ku Malota m'mawa ndi thumba la zida, n'kukakhala pa msika wa ziboliboli wa Mukuni Park mpaka dzuwa litapendeka. Koma Lamulungu tikabwera kutchalitchi, tikadya, panalibenso china. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi Baibulo pamiyendo, osaliwerenga kwenikweni, kumangodikira kuti kunja kude.

Tinali awiri panyumba, ine ndi mwana wanga wamkazi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amayi ake atayamba kudwala anasiya sukulu kuti aziwasamalira, ndipo maliro atatha sanabwererenso. Palibe amene anamuuza kuti atenge ntchito zonse za amayi ake. Anangozitenga. Ankadzuka ine ndisanadzuke, kupita kupompi, kusesa, kuyatsa mbaula, kuchapa. Sankadandaula, komanso sankaseka. Ine ndinkathokoza Mulungu pondipatsa mwana womvera, ndipo za kusaseka kwakeko sindinaziganizire kwa nthawi yaitali.

Masewera amene ndikufuna kunena anabwera ndi mwana wa mlongo wanga. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri, ndipo ntchito yake inali yonyamula mabwato a labala. Azungu akatha kupalasa m'mathithi a Zambezi, iye ndi anzake ankatulutsa mabwatowo m'chigwa, kukwera nawo phiri pamapewa. Mzungu wina wotsogolera mabwato, pobwerera kwawo, anamusiyira katoni momwe munali buku lalikulu lothothoka masamba ndi kathumba ka madayisi. Madayisiwo sanali ngati amene tinkawadziwa. Ena anali ndi mbali zisanu ndi zitatu, ena khumi ndi ziwiri, imodzi makumi awiri.

Anafika pakhomo panga tsiku lina katoniyo ili kukhwapa, anzake awiri ali kumbuyo.

"Bamalume, tipempheko malo pansi pa mango. Bamayi batithamangitsa, ati ni njuga."

"Nanga si njuga?"

"Awe, bamalume. Kulibe chobetcha olo chimodzi. Ni nthano chabe, koma aliyense ali na munthu wake mkati. Mukhale muone mweka. Mukaona choipa, mutithamangitse na imwe."

Ine sindifulumira kukana chinthu chimene sindinachione. Ndinawalozera chitseko chakale chimene chinali kuseri kwa nyumba, iwo n'kuchigoneka pa zitini ziwiri za penti, thebulo n'kukhala lomwelo. Ndinawayang'anira Malamulungu atatu ndisananene kanthu.

Masewerawo ankayenda motere. Mwana wa mlongo wanga, poti ndiye ankamva bwino Chingerezi cha m'bukumo, anali wosimba nthano. Ankanena kumene anthu ali, chimene akuona ndi amene akumana nawo. Enawo aliyense anali ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo ankanena chimene munthu wakeyo achite. Ngati chinthucho n'chovuta, monga kulumpha phompho kapena kulimbana ndi chilombo, ankaponya dayisi. Ikagwa pa nambala yaikulu zatheka, pa yaing'ono zakanika. Zinali zomwezo basi. Mkulu wina wa mpingo atamva anandifunsa ngati sindikusunga zamatsenga pakhomo. Ndinamuyankha kuti ndaona anyamata atatu akukangana za mlatho umene kulibe, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anali kumowa. Sanakhutire, koma sanabwerezenso.

Anzake awiri aja ndinawazolowera. Wina anali wamtali, Mlozi mtundu wake, wogulitsa mikanda ndi zibangili kufupi ndi mathithi, wokonda kulankhula mokweza. Winayo anali makanika wa pagalaji ina m'tauni, Msilamu, wofatsa, zikhadabo zake zakuda ndi oilo nthawi zonse. Poyamba anthu awo a m'nthano ankaimiridwa ndi zotsekera mabotolo. Tsiku lina mphepo inagwetsa msilikali wa wamtali, nkhuku n'kumujompha, ndipo ine ndinaseka kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri. Sabata imeneyo ndinatola zidutswa za mtengo wa mukwa zotsala pa ntchito yanga n'kuwasemera timadoli, kalikonse kotalika ngati chala. Wamtali ndinamusemera msilikali wa nkhwangwa. Makanika anafuna nkhalamba ya ndodo yodziwa mankhwala.

M'bukumo munkafunika mapepala olembapo zimene munthu aliyense ali nazo, koma masamba ofotokoza zimenezo anali m'gulu la othothoka aja. Choncho anyamatawo anapangana lamulo lawolawo, loti chimene chasemedwa pa kadoli kako ndicho uli nacho. Ngati nkhwangwa yasemedwa, nkhwangwa uli nayo. Ngati chishango palibe, usanene za chishango. Lamuloli linandisandutsa munthu wofunika. Wamtali ankandipeza pamsika n'kumandinyengerera kuti ndimuwonjezere kampeni m'chiuno. Ndivomere kuti zinkandikondweretsa.

Bukulo ndinalitsegulapo kamodzi iwo atapita kukagula madzi oundana. Mawu ake sindinalimbane nawo, ndinangoona zithunzi. Amuna onse anali ovala zitsulo kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Akazi analimo ochepa. Wina anali womangidwa pamwala akudikira womupulumutsa. Wina anali ndi lupanga, koma chovala chake chinali tizitsulo tiwiri pachifuwa ndi kansalu kosakwana kupukutira mbale. Ndinatseka msanga n'kuuza mwana wa mlongo wanga kuti bukulo lisamasiyidwe poyera. Mumtima ndinati anthu amene anajambula zimenezi sadziwa kulemekeza mkazi. Ndikunena zimenezi chifukwa maganizo amenewa ndiwo anandisocheretsa pambuyo pake.

Mwana wanga nthawi yonseyi ankakhala pakhomo la nyumba, akusankha nyemba kapena kusita. Ndinkayesa kuti sakumvetsera. Ndiye Lamulungu lina anthu a m'nthano aja anatsekeredwa m'phanga la njira zitatu. Anakangana pafupifupi ola lathunthu. Wamtali ankafuna kuswa khoma, makanika ankafuna kubwerera. Mawu anachokera kukhomo, osakweza.

"Yatsani nyali muone kumene lawi lipendekera. Kumene kuchokera mphepo ndiye kuli khomo."

Onse anatembenuka. Mwana wa mlongo wanga anamenya chitseko ndi dzanja. Iye ndi mwana wanga ndi asuweni, ndipo mwa mwambo wathu asuweni amanyozana momasuka, amatchulana mwamuna ndi mkazi popanda wokwiya.

"Mwamumva mkazi wanga? Amuna bawiri na ndevu zao, bapulumutsidwa na munthu wa nyemba!"

"Ndevu zili kuti?" mwana wanga anatero. "Ine niona tsitsi zitatu chabe, nazo zikangana njira."

Makanika anaseka mpaka kutsokomola. Mwana wanga nayenso anaseka, mwachidule, n'kubisa pakamwa ndi dzanja. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chimwalirire amayi ake. Ndinayang'ana m'Baibulo kuti asaone nkhope yanga.

Atamaliza tsiku limenelo, mwana wanga anafunsa ngati angalowe nawo. Makanika anavomera pomwepo. Wamtali anati masewerawa ndi ankhondo, mtsikana adzangolira munthu wake akafa. Msuweni wake anakanda m'mutu n'kunena kuti m'nthanomo mkazi alimo kale, mwana wa mfumu amene anagwidwa ndi achifwamba.

"Ungakhale uyo. Tizabwera kukutenga."

"Nizichita chani pamene mukubwera?"

"Uziyembekeza."

"Kuyembekeza niyembekeza kale kupompi. Nifuna wanga, woyenda."

Anagwirizana kuti alowe, bola akhale ndi kadoli kake monga mwa lamulo.

M'mawa mwake anandibweretsera tiyi, n'kugwada pambali monga ankachitira, koma sananyamuke msanga.

"Atate, mungandisemere?"

"Ndisema, mwananga. Ukufuna wotani?"

"Mkazi wodziwa njira. Woyenda patsogolo pa onse, woona mapazi a nyama ndi a anthu. Akhale ndi uta."

Ndinavomera. Ndikukumbukira bwino kuti ndinamva mawu onse, ndi utawo ndinaumva. Sindingadzikhululukire ponena kuti sindinamvetse.

Ndinasankha kachidutswa kabwino koposa tonse, kofiirira, kopanda mfundo. Ndinakasema pamsika, pakati pa ntchito zina, ndikucheza ndi anzanga ndi kuitanira alendo. Munthu amene wasema chinthu chimodzi kwa zaka zambiri sayang'ananso manja ake. Pa Mukuni Park mkazi tinkamusema mwa njira imodzi: chitenje mpaka kumapazi, mwana kumbuyo, mtsuko pamutu, dzanja limodzi litakwera kugwira mtsukowo. Atate anandiphunzitsa choncho, ndipo alendo ankagula choncho. Pamene ndinkazindikira, mpeni unali utasiya kale chibulumwa pamwamba pa mutu ndi china kumsana.

Ndikanatha kutaya n'kuyamba kena. Ndinakayang'ana kanthawi, n'kudziuza zinthu ziwiri. Choyamba, uta pa kadoli kakang'ono chotero ungathyoke tsiku lomwelo. Chachiwiri, ndinakumbukira zithunzi za m'buku zija, n'kunena kuti mwana wanga sadzaimiridwa ndi mkazi wopanda ulemu. Ndimupatsa mkazi weniweni, wovala bwino, wooneka kuti ali ndi kwawo. Ndinasema nkhata pansi pa mtsuko, ndi timizere ta chitenje, ndi kamutu ka mwana kotsamira paphewa. Ndinakwecha ndi sandipepa, n'kupaka polishi wa nsapato mpaka kanawala. Pa timadoli tonse timene ndinasemera ana aja, kameneka ndiko kanali kokongola, ndipo ndinabwera nako kunyumba ndikunyada.

Mwana wanga anakalandira ndi manja awiri. Anakatembenuza, kuyang'ana kumsana, kuyang'ana pamutu. Kenaka anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, atate."

Ine ndinatenga ulemuwo ngati chimwemwe.

Lamulungu anakhala pa chitini pakati pa makanika ndi msuweni wake, n'kuika kadoli kake pa chitseko. Wamtali anakanyamula n'kukayandikitsa kumaso.

"Iyi ndiye ntchito, bamudala. Manje tapeza wotitungira madzi."

"Ni wodziwa njira," mwana wanga anatero. "Ayenda patsogolo. Ali na uta."

"Uta uli kuti? Nionetse. Ine niona m'phika na mwana."

Anayang'ana msuweni wake kuti aweruze. Mnyamatayo anandiyang'ana ine kaye, kenaka kadoliko. Ndikuganiza kuti sanafune kunyoza ntchito ya malume ake pamaso pa anzake.

"Lamulo ni lamulo, mkazi wanga. Chamene chasemedwa ndiye chamene uli nacho."

Nthano inayamba. Anthu aja anali paulendo wodutsa dziko louma, ndipo poyamba mtsukowo unaoneka ngati mwayi, chifukwa onse anamwa. Koma atayandikira msasa wa achifwamba, wamtali anati mwana akalira adani adzamva, choncho mayiyo atsale kumbuyo ndi katundu. Makanika anayesa kumuikira kumbuyo, anati aponye dayisi tione ngati mwanayo alire. Anaponya, inagwa pa nambala yaing'ono, ndipo msuweni wake analira ngati khanda, onse n'kuseka. Mayi wa mtsuko anatsala pansi pa mtengo kulondera matumba. Nkhondo inatenga masana onse. Mwana wanga anakhala manja ali pamiyendo, dayisi osaigwiranso.

Dzuwa la mwezi umenewo linali loopsa. Pakati pa nkhondoyo wamtali anapukuta thukuta n'kunena mosaganiza, maso ali pa madayisi:

"Iwe wa m'phika, poti uli chabe, tibweretsereko madzi ya zoona."

Mwana wanga ananyamuka n'kukatenga. Atabwera anagwada, kupatsa aliyense kapu, kuyambira ine. Ndinamwa madziwo. Sindinaone cholakwika, chifukwa ndi zimene ndinkaona tsiku lililonse.

Lamulungu lotsatira zinabwerezeka. M'nthanomo enawo anawoloka mtsinje, iye anatsala kutsidya chifukwa cha mwana. Anatumidwa tiyi. Lamulungu lachitatu sanatuluke. Msuweni wake anaitana kawiri, iye anayankha ali m'nyumba kuti ali ndi zochapa. Kadoli kaja ndinakapeza pawindo, katayang'ana kukhoma. Nyumba inabwerera mmene inalili, yoyera, ya chakudya chofika pa nthawi yake, yopanda phokoso.

Ndine munthu wochedwa kumvetsa. Panapita masabata awiri ndikuganiza kuti wangotopa nawo masewerawo, monga wamtali ankanenera. Chimene chinanditsegula maso chinali chaching'ono. Ndinali kuyala katundu pamsika m'mawa, kuika njovu ndi njovu zinzake, amuna a mikondo, amuna a ng'oma, nkhalamba za kaliwo, asodzi. Kenaka ndinayala akazi. Anaima pamzere, aakulu ndi aang'ono, ndipo aliyense anali ndi chinthu pamutu: mtsuko, dengu, mtolo wa nkhuni. Ndinayang'ana kwa mnzanga woyandikana naye, chimodzimodzi. Ndinamufunsa ngati anasemapo mkazi wopanda katundu.

"Wopanda katundu? Azadziwika bwanji kuti ni mkazi wa kuno? Sagulika uyo, bamudala."

Ndinakhala pa mpando wanga n'kuyesa kukumbukira mkazi wanga. Ankachita malonda owoloka mlatho kupita kutsidya la Zimbabwe, kubwera ndi sopo, mafuta ndi buledi. Ndinamuona akutsika msewu wa ku Malota, chikwama chachikulu chili pamutu, khosi lili chilili. Ndinamuona ndi ndowa. Ndinamuona ndi thumba la makala. Ndinafunafuna m'mutu mwanga chithunzi chake akungoyenda, manja ali lende, pamutu popanda kanthu, ndipo chimene ndinapeza chinali cha m'chipatala chokha. Zaka makumi awiri ndinakhala naye. Madzulo ambiri ankandipempha kuti ndimusisite khosi, ine n'kumasisita ndikuganiza zina. Tsiku limenelo sindinaseme kanthu. Ndinangokhala, wotopa ngati ndakwera chigwa chija ndi bwato.

Ndinabwerera kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Ndinapeza mwana wanga akutsuka mbale kuseri. Ndinatenga kadoli pawindo n'kukhala pa mwala pafupi naye. Kulankhula ndi mwana wamkazi za mumtima si chinthu chimene amuna a msinkhu wanga tinaphunzira, ndipo ndinayamba mokhota.

"Anzako akukufunsa."

"Ndili ndi ntchito, atate."

"Kadolika sikanakukondweretse."

"N'kokongola."

"Sindinafunse zimenezo, mwananga."

Anapitiriza kutsuka mbale imene inali itayera kale. Kenaka analankhula, osandiyang'ana.

"Ndinapempha uta. Mlungu wonse ndimasenza madzi. Ndinkafuna maola awiri okha oti ndikhale munthu wina. Ndiye ndafika kumeneko, ndapeza mwanditumiziratu mtsuko."

Sanakweze mawu. Akanakweza mwina zikanandipepukira. Ndinafuna kumufotokozera za zithunzi za m'buku, za ulemu, za uta wothyoka, koma ndili pamwalapo zifukwazo zinaoneka zazing'ono kwambiri. Ndinangoti ndinalakwa. Anandiyang'ana modabwa, chifukwa mawu amenewo anali asanawamvepo kwa ine.

"Ndisema kena," ndinatero.

"Ayi. Komweka. Anakaona onse, anakaseka. Ndikufuna akaonenso komweka."

"Ndichotse mtsuko?"

"Chotsani zonse."

"Ndi mwana yemwe?"

"Si wanga mwanayo, atate. Sindinamupemphe."

Mtsuko sunandivute. Ndinadula ndi kamacheka kakang'ono pamwamba pa nkhata, n'kusalaza nkhatayo mpaka inangokhala ngati tsitsi. Mwana ndiye anandivuta. Ndikudziwa kuti unali mtengo chabe, koma kamutu kaja ndinakasema mosamala, ndipo dzanja linkakana. Ndinapempherera mumtima mwachidule, pemphero lopanda mawu enieni, n'kuyamba kupala pang'onopang'ono mpaka kumsana kunatsala kabulumwa kowonda. Ndinakaboola pamwamba n'kulowetsamo timitengo ta machesi titatu, likhale phodo la mivi. Dzanja limene linkagwira mtsuko linatsala m'mwamba lopanda chogwira. Ndinaliboola n'kupisamo sipoko ya njinga yopindidwa, n'kumanga ulusi wa nsapato kunsonga zake. Utawo unali waukulu kuposa mwini wake. Pamene ndinapala panatsala mabala oyera, ndipo polishi sanawabise bwino. Monga ntchito ya mmisiri, kanali koipa. Pamsika sindikanakaonetsa munthu.

Iye anakatenga ndi dzanja limodzi, n'kukoka ulusiwo ndi chikhadabo kuti amve ngati walimba. Sanawombe m'manja, sanathokoze. Anangoti, "Eya," n'kukaika m'thumba la diresi.

Lamulungu anatuluka anyamata asanamalize kugoneka chitseko. Anaika kadoliko pakati. Wamtali anakayang'ana nthawi yaitali.

"Bamudala, mwamuchita chani mayi wathu? Mwana ali kuti?"

"Ali kwa ambuye bake," mwana wanga anayankha. "Uona chani pa dzanja?"

"Sipoko."

"Ba wosimba, ni chani ichi?"

Msuweni wake anakweza manja. "Ni uta. Lamulo ni lamulo. Mkazi wanga wanisiya, wayenda ku nkhondo."

Mwana wanga anaika kadoli kake patsogolo pa ena onse. Nthano inawafikitsa pamphambano m'nkhalango, ndipo wosimba anati wodziwa njira ayang'ane mapazi pansi, aponye dayisi ya mbali makumi awiri. Ndinapeza kuti ndatseka Baibulo ndipo ndaweramira kutsogolo. Anaigwedeza m'manja nthawi yaitali n'kuiponya. Inagubuduka mpaka pa bowo la loko wa chitsekocho n'kuima pa ziwiri.

Wodziwa njirayo anawalowetsa m'dambo. Msilikali wa wamtali anamira mpaka m'chiuno, nkhalamba ya makanika inataya nsapato, udzudzu unawadya onse. Wamtali anaimirira n'kumaloza kumwamba.

"Ninakamba ine! Ninakamba! Tipatseni m'phika wathu!"

"Khala pansi, iwe," mwana wanga anatero, akuseka mpaka misozi. "Ndiwe wolemera na nkhwangwa yako. Gwira uta nikukoke."

Anaponyanso, inagwa bwinoko, n'kumukoka. Anapitiriza ulendo ali matope okhaokha, iye akadali patsogolo, akukangana ndi makanika za kumene dzuwa likulowera.

Patapita nthawi wamtali anayamba kupukuta thukuta. Anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana mwana wanga, n'kuyang'ana kadoli, n'kutsekanso. Onse anali ndi ludzu, ndipo panalibe woti atumidwe. Ndinaika Baibulo pampando n'kulowa m'nyumba. Ndowa inali yopanda madzi. Ndinaitenga n'kupita kupompi ya kumapeto kwa mzere wathu, kumene ndinali ndisanapiteko chikwatirire. Amayi amene anali pamzere anasiya kucheza. Mmodzi, mnzake wa malemu mkazi wanga, anafunsa ngati mwana wadwala. Ndinati ayi, ali pa masewera. Sanandimvetse, ndipo anafuna kundilandira ndowayo, koma ndinakana. Kusenza pamutu sindidziwa. Ndinabwera nayo m'manja, ikundimenya bondo, madzi akutayikira m'nsapato zanga za kutchalitchi, ndipo ndinapuma kawiri panjira yaifupi imeneyo.

Nditafika ndi makapu, anyamata onse atatu anaimirira ndi manyazi.

"Awe, bamalume, sizingachitike," anatero mwana wa mlongo wanga.

Mwana wanga nayenso anali atayamba kunyamuka. Ndinamugwira paphewa kuti akhale.

"Ponya," ndinamuuza. "Anzako akudikira njira."

Wamtali anamwa madzi ake ataimirira, osandiyang'ana. Anabweranso Lamulungu limodzi lokha, kenaka anasiya. Anauza anzake kuti masewerawo asanduka a ana, ndipo pamsika ankandipatsa moni wapatali. Msilikali wake anatsala m'katoni. M'malo mwake makanika anabwera ndi mlongo wake, mtsikana wamanyazi wovala mpango, amene anandipempha monong'ona kuti ndimusemere wosula zitsulo wamkazi, wa nyundo. Ndinamufunsa kawiri chimene akufuna, n'kubwereza mawu ake kuti amve ngati ndamva, ndipo posema ndinkayang'ana manja anga.

Masewerawo anatha mvula ya chaka chotsatira isanagwe, pamene mwana wa mlongo wanga anapeza ntchito kwina n'kupita ndi buku lake. Sindinganene kuti zambiri zinasintha. Mwana wanga anapitiriza kudzuka ine ndisanadzuke, ndipo masiku asanu ndi limodzi pa mlungu ndowa inali yake. Ine pamsika ndinapitiriza kusema akazi a mitsuko, chifukwa ndiwo ankagulidwa, ndipo ndinali wotopa kwambiri kuti ndiyambe kukangana ndi alendo. Kamodzi ndinasema mmodzi wamkulu wongoima, manja ali m'mbali, pamutu popanda kanthu. Anakhala pa mphasa yanga miyezi yambiri, alendo akumunyamula, kumutembenuza ngati akufuna chimene chasowa, n'kumubweza. Pomaliza ndinapita naye kunyumba.

Madzi a Lamulungu okha ndiwo anakhala anga, ngakhale masewera atatha. Ndinazolowera kuvula nsapato za kutchalitchi ndisanapite, ndipo amayi a kupompi anasiya kundifunsa ngati mwana wadwala.